Chidendene chobaya m'mawa komanso bala losapweteka: yankho kwa mayi wa mumsika

Kalata iyi yabwera pa imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagulitsa kaunjika mumzinda wa Blantyre. Ndaifupikitsa ndipo dzina ndachotsa.

"Ndili ndi zaka 46. Papita miyezi inayi chidendene chakumanja chikundipweteka. M'mawa ndikangotsika pabedi chimandibaya mpaka ndimayenda chogwira khoma. Ndikayendayenda chimaleka, koma madzulo ndikakhala pansi pang'ono n'kudzukanso, chayambiranso. Ndinakajambulitsa, akuti fupa lamera kaminga. Anzanga ena akuti ndikatemetse mphini, ena akuti ndinaponda mankhwala. Ndilinso ndi zikang'a zomwe nthawi zina zimatuluka magazi, komanso m'mipata ya zala mumayabwa. Kodi kamingako angakachotse? Mwina n'zakumtundu, chifukwa amayi anga nawonso mapazi amawavuta, amachita dzanzi. Iwo ali ndi shuga. Panopa ali ndi kabala pansi pa chala chachikulu, koma mwayi wake sikakuwapweteka."

Zikomo mayi polemba. Ndiyamba ndi mawu anu omalizawo, ngakhale si amene munafunsa. Amayi anu apite kuchipatala mawa m'mawa, musadikire tsiku lawo la kiliniki ya shuga. Bala la kuphazi kwa munthu wa shuga likakhala losapweteka si mwayi ayi, ndi chizindikiro chakuti phazilo lasiya kumva, ndipo phazi losamva silidziteteza. Chidendene chanucho chikukuzunzani, koma sichidzakudulitsani mwendo. Kabala ka amayiko kangathe kutero. Ndibwererako bwinobwino kumunsiku. Tsopano tione za inu.

Phazi limodzi lili ndi mafupa 26. Awiri onse ndi 52, pomwe thupi lonse la munthu wamkulu lili ndi 206, ndiye kuti pa mafupa anayi alionse amene muli nawo, limodzi limalowa m'nsapato. Kumbuyo ndi pakati pa phazi kuli mafupa 7 onenepa, ndipo lalikulu pa onsewo ndi la chidendene. Pamwamba pa limeneli pakhala lina limene limalandira kulemera konse kotsika ndi mwendo, n'kumakugawa kwina kumbuyo, kwina kutsogolo. Kenaka pali mafupa 5 aatali olunjika ku zala, ndipo zalazo zili ndi 14: chachikulu awiri, zinazo atatuatatu. Mfundo zolumikizira zonsezi zilipo 33, zomangidwa ndi minyewa ndi mitsempha yoposa 100.

Mafupa amenewa sanayalane pansi mosalala. Anapindika m'mwamba, n'chifukwa chake mukaponda pasimenti ndi phazi lonyowa, chidindo chake chimasiya mpata chakumkati. Kuti mumvetse vuto lanu, ganizirani uta. Mafupa ndiwo mtengo wopindikawo, ndipo pansi pake pali nsinga yolimba, yochokera pafupa la chidendene n'kukamwazikira patsinde pa zala zonse zisanu. Madokotala amaitcha plantar fascia. Mukaponda, utawo umafuna kuwongoka, nsinga n'kukana. Mukanyamula chidendene kuti muponye phazi lina, zala zimapindikira m'mwamba n'kukoka nsingayo, phazi limauma gwa, mumakankha pansi n'kupita. Dokotala wina wa ku England, J. H. Hicks, ndiye analongosola kagwiridwe ntchito kameneka mu 1954. Mutha kudzionera nokha pompano: khazikani phazi pabondo, kokerani chala chachikulu m'mwamba, n'kupapasa pansi pa phazi. Chingwe chimene chadzuka pamenepo ndi nsinga ija. Chitsatireni ndi chala kubwerera kuchidendene, chakumkati pang'ono. Ngati pamene chathera ndi pamene mukudumphapo, vuto lanu talipeza.

Zimene mwalembazi zikufanana kwambiri ndi matenda otchedwa plantar fasciitis, ngakhale womaliza kunena ndi amene angaligwire phazilo ndi manja. Ndi matenda wamba zedi: pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 alionse amakumana nawo pa moyo wake, makamaka pakati pa zaka 40 ndi 60. Pamene nsinga yamata kufupa pamang'ambika pang'onopang'ono chifukwa cha kukokedwa tsiku ndi tsiku, ndipo thupi limalephera kukonza msanga kuposa mmene pakuwonongekera. Kubaya kwa m'mawa kuli ndi chifukwa chake. Munthu akagona, phazi limalozera pansi, nsinga imafupika ndipo mong'ambika muja mumayamba kulumikizana ili yofupika chomwecho. Mukangoponda, kulemera kwanu konse kumaitambasula mwadzidzidzi. Mukayendayenda imafewa, ululu umachepa. Mukakhala pansi madzulo, zomwe zija zimachitikanso.

Nanga kaminga kaja? Kalipodi, chithunzi sichinaname, koma kakunamiziridwa mlandu. Mukachiyang'ananso chithunzicho muona kuti sikanaloze pansi ayi, kanagona cholozera kutsogolo, kumene kuli zala. Simukukaponda. Ndi fupa limene thupi limawonjezera pamalo pokokedwa kwa zaka zambiri. Anthu ochuluka ali nako koma chidendene sichinawapwetekepo n'kamodzi komwe, ndipo ena chimawapweteka zedi alibe kaminga. Amene achira amachira kali pomwepo. Choncho za opaleshoni yokachotsa ziiwaleni. N'zosatheka kuti chinthu chimene chakhala m'fupa zaka chizibaya m'mawa n'kupuma masana.

Chakupwetekani ndi ntchito, ndiponso chimene mumaponda. Kuimirira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa pansi pouma, kusenza belo, mapatapata otha amene atsala pang'ono kubooka, thupi likamawonjezeka, ndi akatumba a kumwendo akaumirira. Chomalizachi anthu sachiganizira. Akatumba amathera mumtsempha waukulu wakuseri kwa kakolo, wolimba kuposa yonse m'thupi, ndipo mtsemphawo umamata pafupa lomwelo la chidendene. Ukamakoka kumbuyo, nsinga ya pansi imamva kutsogolo. Palinso mafuta okhuthala pansi pa chidendene amene amafewetsa kuponda, ndipo amenewa amaphwa zaka zikamapita.

Uthenga wabwino ndi wakuti pa anthu 10 odwala chonchi, 8 kapena 9 amachira chaka chisanathe popanda mpeni. Woipa ndi wakuti ndi miyezi, si masiku. Ambiri amalephera pamenepa: amachita zolimbitsa phazi sabata imodzi, akaona kuti sizinasinthe amasiya, n'kuyamba kuzungulira kufuna jakisoni.

Choyamba, musapondenso pansi m'mawa musanaikonzekeretse nsingayo. Mukadzuka khalani m'mphepete mwa bedi, phazi lodwalalo pabondo la mwendo wina, gwirani zala zonse n'kuzikokera chakumsongolo mpaka mumve kukoka pansi pa phazi. Werengani mpaka 10, masulani, bwerezani ka 10. Muchitenso masana ndi madzulo, komanso nthawi iliyonse mwakhalitsa pansi. Pa zonse zimene ndilembe pano, ichi ndicho chosafuna ndalama ndipo chimasintha msanga m'mawa wa munthu. Nsapato zikhale pafupi ndi bedi, phazi lilowe m'menemo lisanakhudze simenti.

Chachiwiri ndi akatumba. Tsamirani khoma ndi manja, mwendo wodwalawo kumbuyo, bondo lowongoka, chidendene chisanyamuke pansi, ndiye weramirani kutsogolo mpaka mumve kukoka kuseri kwa mwendo. Masekondi 30, katatu. Kenaka bwerezani bondo lakumbuyolo litapindika pang'ono, chifukwa akatumbawo ndi awiri, wina pamwamba wina pansi, ndipo aliyense amatambasuka mwa njira yake.

Ululu ukayamba kutsika, onjezani kulimbitsa. Imani m'mphepete mwa khonde kapena pasitepe, zala zitaponda pa thaulo lopindapinda kuti zitukuke, chidendene chili m'malere. Nyamukani pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 3, imani pamwamba mpaka 2, tsikaninso mpaka 3. Yambani ndi miyendo yonse iwiri mutagwira chitseko, pambuyo pake umodzi. Tsiku limodzi kuchita, lina kupuma, chifukwa nsinga imakhwima pa tsiku lopumalo. Kupweteka pang'ono pochita si vuto, koma mukadzuka mawa lake chitanyanya, mwapyola, chepetsani. Madzulo mutha kugubuduza pansi pa phazi botolo la madzi oundana kwa mphindi 10. Ngati mulibe firiji, botolo wamba kapena chitsononkho chimathandizabe kufewetsa.

Za nsapato, inu muli pabwino kuposa ambiri, popeza anzanu ogulitsa nsapato muli nawo pafupi. Funani nsapato zothamangira, ndipo muziyese ndi manja musanaziyese kuphazi. Mukaipinda, ipindike pa zala pokha, osati pakati. Mukafinya kumbuyo kwake, kukhale kolimba. Chidendene chikwere pang'ono kuposa kutsogolo. Nsapato yosalala pansi ponse si bwenzi lanu panopa. Itembenuzeni muone kunsi: ngati mwini wake woyamba anaidya mbali imodzi, isiyeni, idzakupendeketsani mmene ankapendekera iye. Muyese madzulo, mapazi atatupa kale ndi ntchito, ndipo kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wokwana chala chachikulu cha kumanja. Ndikudziwa kuti chitenje ndi nsapato zothamangira ena aziseka. Asekeni nanu. Kachidutswa ka patapata wofewa kodulidwa mozungulira n'kuikidwa pachidendene mkati mwa nsapato kamagwira ntchito yofanana ndi timapilo ta chidendene togula; muike mbali zonse ziwiri kuti musatsimphine. Pabenchi panu yalani makatoni kapena chiguduli chopinda pamene mumaimapo, ndipo pezani kampando. Kasitomala sathawa chifukwa wakupezani mutakhala.

Mankhwala akumwa amangochepetsa ululu, sachiza. Panado ndi wabwino. Bulufeni, dikilofenaki ndi indosidi amathandiza masiku ochepa, mutadya, koma osati miyezi. Amayambitsa zilonda za m'mimba, amawononga impso, amakweza BP, ndipo sayenera kwa mayi woyembekezera. Zimandidetsa nkhawa kuona mmene indosidi amagulidwira m'magolosale ngati maswiti. Jakisoni wobaya pachidendene alipo, ndipo amatonthoza kwa masabata angapo, koma akabwerezedwa amasungunula mafuta a pansi aja ndipo nthawi zina nsinga imaduka. Ndi wa munthu amene wayesa zinazi mokhulupirika miyezi ingapo osapindula, ndipo abayidwe ndi wodziwa. Musanafike kumeneko, pemphani kuti akutumizeni kwa a fizo, amene amathandiza odwala ndi masewera olimbitsa ziwalo. Iwo adzakuonetsani kamangidwe ka pulasitala pansi pa phazi kamene kamapumitsa nsinga tsiku la ntchito yambiri.

Mphini ayi, mayi. Nsingayo ili mkati, lezala silifikako, ndipo chimene mungapate ndi mabala pamalo oponda fumbi la mumsika. Zoti munaponda mankhwala, sindikangana ndi anzanuwo, koma taonani ndondomeko ya ululu wanu: umadziwa nthawi, umabwera poponda koyamba, umachoka mukayenda, umakhala pamalo amodzi amene mungaloze ndi chala. Umachita chimodzimodzi kwa aphunzitsi, anamwino, alonda ndi othamanga a m'mayiko onse.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka, ndiye kuti nkhani ndi ina ndipo mubwerere kuchipatala. Chidendene chikamapweteka mukachifinya m'mbali zonse ziwiri, fupa likhoza kukhala ndi mng'alu. Kutentha, kunyerenyesa kapena dzanzi zimaloza ku mtsempha womvera umene wapanikizika. Ululu wokudzutsani usiku musanaponde, kutupa, kufiira kapena kutentha thupi si za nsinga. Ndipo ukakhala kuseri kwa chidendene, osati pansi, ndi mtsempha waukulu uja. Zikatero munene ngati mwamwa maantibayotiki a cipro posachedwa, chifukwa mankhwala amenewa amatha kuufooketsa mpaka kuduka.

Zikang'a n'zosavuta kumvetsa. Khungu la pansi pa phazi ndi lokhuthala kuposa lina lonse, lili ndi timabowo ta thukuta tambirimbiri, koma la mafuta lilibe n'limodzi lomwe. Silidzidzoza lokha. Mukaponda, mafuta a mkati aja amaphwanyukira m'mbali, ndipo m'patapata mulibe chowatchinga. Khungu louma m'mphepete limakanika kutanuka, ndiye limang'ambika, makamaka m'chilimwe fumbi likachuluka. Madzulo viikani mapazi m'madzi ofunda mphindi 10 kapena 15, kwechani pang'ono ndi mwala, pukutani, dzolani vasilini wambiri khungu lidakali lofewa, n'kuvala sokosi pogona. Kufamase kuli mafuta okhala ndi urea, amene amasungunula khungu lolimbalo msanga kuposa vasilini. Funsani a 10 mpaka 25 peresenti. Kukwecha kwambiri tsiku limodzi kumangochititsa kuti khungu likhuthale mobwezera, ndipo lezala limapitirira mpaka pa nyama. Chikang'a chimene chikutuluka magazi ndi bala: chitsukeni ndi sopo ndi madzi oyera, matanipo pulasitala, musachikweche mpaka chitatseka. Nsapato zotseka kumbuyo zija zithandizanso pano.

Kuyabwa kwa m'mipata ya zala, khungu likuyera n'kumasupuka, kawirikawiri ndi mafangasi, ndipo amakonda mpata wa kachala kakang'ono chifukwa ndiwo wothina, suuma. Clotrimazole kapena miconazole wopaka, kawiri pa tsiku, masabata anayi athunthu ngakhale kuyabwa kutaleka pa sabata yoyamba. Mafuta a Whitfield, akale aja, amagwirabe ntchito. Chimene musapake ndi mafuta okhala ndi betamethasone kapena ena oyeretsa khungu: kuyabwa kumazizira masiku awiri, mafangasiwo n'kufalikira mwakachetechete. Pukutani mpata uliwonse mukasamba, vasilini asalowe m'menemo, sokosi musinthe tsiku lililonse, nsapato muziyanika padzuwa. Timing'alu ta m'mipatamu ndi khomo la tizilombo timene timatupitsa mwendo wonse n'kuufiiritsa, ndiye si nkhani ya kuyabwa chabe.

Munafunsa ngati n'zakumtundu. Chidendenecho ayi. Koma shuga amayenda m'magazi a banja, ndipo inu muli ndi zaka 46, mayi wokuberekani ali naye, khungu likuuma, mafangasi akukukondani. Mukapita ndi amayi mawa, tambasulani chala chanu nanunso akuyezeni. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi WHO mu 2009 anapeza shuga mwa anthu 5.6 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa.

Tsopano amayi.

Shuga akakhala wokwera zaka zambiri amawononga mitsempha yomvera, ndipo amayambira yaitali kwambiri, imene imathera ku zala za kumapazi. Poyamba munthu amati mapazi akutentha usiku, kapena akuyendayenda tinthu, kenaka dzanzi, kenaka zii. Ululu umene inu mukudandaula nawo ndi umene umakuchititsani kutsimphina, kusintha kapondedwe, kuvula nsapato yothina, kuchotsa kamwala. Amayi anu zonsezi zinawachokera. Atha kuyenda ulendo wa kutchalitchi n'kubwerako ndi kamsomali m'nsapato, n'kudzazindikira poona magazi pa sokosi. Mitsempha yomweyo ndi imene imalamula timinofu ta m'phazi ndi thukuta, ndiye ikafooka zala zimakhota, mafupa ena amatsika n'kumaponda kwambiri pamalo amodzi, khungu limauma. Pamalo opondedwa kwambiripo pamamera khungu lolimba, pansi pake pamakha magazi, kenaka pamabooka. Pansi pa chala chachikulu, pamene mwatchulapo, ndi pamodzi mwa malo odziwika bwino a zimenezi. Kabowo kooneka kunja kamakhala kakang'ono, koma mkati mwafukulika, ndipo fupa silili patali.

Onjezani zina ziwiri. Shuga amachepetsa njira za magazi, ndiye chakudya ndi mankhwala zimafika mochepa pabalapo. Amafooketsanso chitetezo cha thupi, moti tizilombo timaswana msanga, nthawi zina popanda kutentha thupi kochenjeza. Pa anthu a shuga, pakati pa mmodzi mwa asanu ndi mmodzi mwa atatu amadzakhala ndi bala la kuphazi pa moyo wawo, ndipo miyendo yambiri imene imadulidwa chifukwa cha shuga inayamba ndi kabala konga ka amayi anuka.

Ndikudziwa chimene amayi anganene mukawauza za kuchipatala: "Kumeneko amadula miyendo." Mantha amenewa ndi amene amadulitsa miyendo. Anthu amene anawaona akubwerako ndi ndodo anapita bala litanunkha kale, chala chitada, atayesa zonse za kunyumba miyezi iwiri. Wopita ndi kabala ka sabata imodzi amabwerako ndi bandeji. Muwauze zimenezo mofatsa, ndipo ngati n'kotheka mupite nawo nokha, osangowatumizira ndalama ya minibasi.

Yambirani kuchipatala chaching'ono cha kwanuko, buku lawo la kuchipatala lili m'manja, ndipo ngati pafunika adzakulemberani kalata yopita ku Queen Elizabeth, kumene kuli kiliniki ya shuga ndi madokotala a opaleshoni. Zoyenera kuchitika ndi izi, kuti mudziwe zofunsa. Awavule nsapato zonse ziwiri, osati phazi la bala lokha. Apapase kugunda kwa magazi malo awiri, pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo wamkati. Ayeze kumva ndi kaulusi kolimba kamene kamapindika pa mphamvu ya magalamu 10. Ngati kalibe, kukhudza nsonga za zala mopepuka wodwala atatsinzina kumanenanso zambiri. Aone kuya kwa bala, ndipo ngati chitsulo choyezera chikugunda fupa, ajambule. Khungu lolimba lozungulira bala adzalisenga ndi mpeni wa kuchipatala. Musadabwe bala likaoneka lakula pambuyo pake, ndi mmene limayambira kupola. Maantibayotiki ndi a bala limene lalowa tizilombo, si bala lililonse. Mufunsenso za katemera wa kafumbata.

Koma chachikulu kuposa mankhwala onse n'chakuti balalo lisapondedwe. Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwa, chifukwa wodwala sakumva kanthu, ndiye amadzuka kukasesa pabwalo, kukatunga madzi, kupita ku maliro. Kuponda kulikonse kumaphwanya nyama yatsopano imene yamera usiku. Bala lotsukidwa bwino tsiku ndi tsiku koma likupondedwa silipola. Kuchipatala amatha kumanga pulasitala wa simenti amene amachotsa kulemera pabalapo, kapena kupereka ndodo, kapena kukonza nsapato yoboola pamalopo. Chimene angapereke, kunyumba pafunika munthu wotenga ntchito za amayi masabata angapo. Kambiranani pabanja lero lomwe, achimwene anu nawonso amve.

Pabalapo pasapite phulusa, mankhwala otsukira mano, mchere wouma, ufa wa m'kapisozi, spiriti, mafuta a galimoto kapena masamba otafuna. Usiku uno ingotsukani ndi madzi owiritsa ozizira othira mchere pang'ono, phimbani ndi kansalu koyera kouma, phazi likhale pampando. Ndipo mukaona kufiira kukufalikira, kutupa, mafinya, fungo, chala chikusintha mtundu, kunjenjemera, kapena amayi akusokonezeka mutu, musadikirenso kuti kuche.

Bala likapola nkhani sinathe, chifukwa phazi limene labookapo kamodzi limakonda kubwereza. Zimene ndinakuuzani inu za zikang'a, kwa amayi zina n'zoletsedwa: asaviike mapazi, asakweche ndi mwala, lezala lisayandikire. Madzi osamba ayezedwe ndi chigongono kapena ndi munthu wina, popeza phazi lawo silisiyanitsa ofunda ndi owira. Kuthowa ndi madzi otentha ayi. Mu June ndi July, anthu akamawotha moto, mapazi awo atalikire mbaula. Ambiri amapsa ali chikhalire akucheza, osadziwa. Asayende opanda nsapato ngakhale m'nyumba, ngakhale popita kubafa usiku. Asanavale, nsapato aigwedeze n'kupisamo dzanja. Zikhadabo ziwengedwe mowongoka, osazungulira m'makona, ndipo awenge ndi munthu woona bwino, pakuti shuga amawononganso maso. Vasilini pamwamba ndi pansi, m'mipata ayi. Ndiye tsiku lililonse, wina ayang'ane pansi pa mapazi onse awiri ndi m'mipata ya zala. Mdzukulu wa sitandade 5 angathe ntchito imeneyi mukamuuza chofuna: tuza, mng'alu, malo ofiira, malo akuda pansi pa khungu lolimba. Phazi likadzatupa n'kutentha popanda bala ndi popanda ululu, nalonso ndi la kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mafupa a phazi losamva amatha kuphwanyika mkati munthu akuyendabe.

Dzanzi lenilenilo silibwerera m'mbuyo kwenikweni, koma shuga ndi BP zikagwidwa bwino limachedwa kukula, ndipo fodya, wosuta kapena wa phuno, aleke. Ngati akhala pa mankhwala a shuga a metformin zaka zambiri, mufunse za vitamini B12, chifukwa mankhwalawa amatha kumuchepetsa m'thupi ndipo kuchepako kumawonjezera dzanzi. Kwa owerenga ena amene mapazi akuchita dzanzi koma alibe shuga: mankhwala a TB otchedwa isoniazid amatero, n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6, ma ARV akale okhala ndi stavudine anasiyira anthu ambiri vuto lomweli, kachasu amatero, khate nalonso, ngakhale lachepa, silinatheretu. Chiyambi chikhale chilichonse, kasamalidwe ka phazi losamva n'kamodzimodzi.

Popita mawa, tengani nsapato zimene amayi amavala masiku onse, ndi zija za kutchalitchi zomwe, muwaonetse adokotala. Kawirikawiri chimene chinayambitsa bala chimapezeka m'menemo: msoko wotukuka, kutsogolo kothina, kapena pansi pobooka. Ndipo kuyambira tsopano, tsiku lililonse la kiliniki ya shuga, amayi akangolowa m'chipinda avule nsapato ndi sokosi asanauzidwe. Mzere umakhala wautali, namwino amathamangira BP ndi shuga, koma mapazi akakhala kale pambalambanda amawayang'ana.